Mbiri ya Digital, kampani imene inalumikiza makompyuta koma n'kugwera pa desiki

Tayang'anani kiyibodi imene ili pafupi nanu. Chakudzanja lamanja kuli timabatani tinayi ta mivi: titatu tili pamzere m'munsi, kamodzi kakhala pamwamba pa kapakatiko, ngati chilembo T chozondoka. Kayalidwe kameneka kanafala kuchokera pa kiyibodi yotchedwa LK201, imene kampani ya ku America ya Digital Equipment Corporation inatulutsa mu 1982. IBM inatengera, ena onse n'kutsatira. Mukazungulira kuseri kwa kompyuta ya mu ofesi mupeza waya wa netiweki wopita ku switch, kabokosi kamene kamalumikiza makompyuta a mu ofesimo. Malamulo a Ethernet amene wayayo amayendera anachokera m'chikalata chimene kampani yomweyi inalemba pamodzi ndi Intel ndi Xerox mu 1980.

Kampaniyi kulibenso. Ambiri ankaitchula mwachidule kuti DEC, ndipo pa makina ake pankakhala timabokosi tisanu ndi tiwiri, kalikonse kali ndi chilembo chimodzi chaching'ono cha mawu akuti digital. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inali ndi antchito oposa 120,000, ndipo pa makampani opanga makompyuta inkaposedwa ndi IBM yokha. Zaka khumi zisanathe inali itagulidwa, dzina lake n'kufufutidwa. Anthu amafotokoza kugwa kumeneku m'njira zambiri, koma ine ndimaona kuti nkhani yonse ili pa zinthu ziwiri zimene DEC inachita motsatizana: mmene inachitira ndi waya wa netiweki mu 1980, ndi mmene inachitira ndi disiki ya kompyuta ya pa desiki mu 1982.

Anaiyambitsa ndi Ken Olsen ndi Harlan Anderson mu 1957. Onse awiri anali mainjiniya ochokera ku Lincoln Laboratory ya yunivesite ya MIT, kumene Olsen anagwira ntchito pa ena mwa makompyuta oyambirira ogwiritsa ntchito matransistor. Mpamba wa madola 70,000 unachokera ku American Research and Development Corporation ya Georges Doriot, imene inatenga magawo 70 pa 100 a kampaniyo. Eni ndalamawo anawalangiza kuti asaike mawu akuti kompyuta m'dzina la kampani, popeza nthawi imeneyo anthu a ndalama ankakhulupirira kuti aliyense wolimbana ndi IBM pa makompyuta amangotaya chuma. N'chifukwa chake ngakhale makina awo oyamba anawatcha PDP, chidule cha Programmed Data Processor. Malo ogwirira ntchito anachita lendi m'fakitale yakale yoluka nsalu za ubweya m'tauni ya Maynard, ku Massachusetts, ndipo likulu la kampani linakhala m'nyumba za njerwa zimenezo mpaka m'zaka za m'ma 1990.

Kuti timvetse chimene anabweretsa, tikumbukire mmene kompyuta inkagwiritsidwira ntchito masiku amenewo. Inali chimakina chodzaza chipinda, chotsekeredwa kuseri kwa galasi. Munthu ankalemba pulogalamu yake pa makhadi oboola, n'kukapereka kwa woyang'anira makina, n'kubwera mawa kudzatenga zotsatira. Akalakwitsa chilembo chimodzi, tsiku lapita. PDP-1, imene inayamba kugulitsidwa mu 1960, inali yoti munthu akhale pamaso pake, alembe, iyo n'kuyankha pompo. Ophunzira a ku MIT analembapo sewero la Spacewar mu 1962. Mu 1965 kunabwera PDP-8, ya mtengo wa madola pafupifupi 18,000, yaing'ono moti dipatimenti imodzi ya pa yunivesite kapena labotale ya pa fakitale inkatha kugula yakeyake osapempha chilolezo ku likulu. Msika wa makina otchedwa minicomputer unakulira pamenepo. PDP-11 ya mu 1970 inagulitsidwa pafupifupi 600,000, ndipo ndi pa makina a DEC, poyamba PDP-7 kenako PDP-11, pamene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie a ku Bell Labs analerapo Unix, pulogalamu yoyendetsa makompyuta, ndi C, chinenero cholembera mapulogalamu.

Kugulitsa makina ang'onoang'ono ambiri kunabala vuto lakelake. Kampani imodzi inkapezeka ili ndi PDP ku labotale, ina ku fakitale, ina ku ofesi ya malipiro, ndipo panalibe imene inkadziwa zimene inzake ikusunga. IBM inalibe vuto limeneli mwanjira yomweyo chifukwa maganizo ake anali a ufumu: chimakina chimodzi pakati, matheminolo onse, kutanthauza masikirini okhala ndi kiyibodi, n'kumagonjera icho. DEC inakakamizika kuganiza za makina olankhulana ngati anzawo ofanana. DECnet, njira ya DEC yolumikizira makina ake, inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1970 polumikiza ma PDP-11 awiri okha. Pofika pa gawo lake lachinayi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, netiweki imodzi inkatha kunyamula makina oposa 64,000, ogawidwa m'madera 63.

Mu 1977 anatulutsa VAX-11/780, makina a mabiti 32, pamodzi ndi VMS, pulogalamu yoyendetsa makinawo imene mmodzi mwa oitsogolera anali Dave Cutler. Mkulu wa mainjiniya, Gordon Bell, anakonza ndondomeko imene inalemeretsa kampaniyi kwa zaka khumi: VAX yaing'ono ndi yaikulu zonse zizimva pulogalamu imodzi, ndipo zonse zilumikizidwe. Chimene chinkasowa chinali waya wothamanga wolumikizira makina a m'nyumba imodzi.

Ethernet anaitulukira ndi Bob Metcalfe mu 1973 ku Xerox PARC, malo ofufuzira a kampani ya Xerox, ndipo anaimanga ndi David Boggs. Mfundo yake ndi yofanana ndi mmene anthu aulemu amalankhulira pabwalo popanda wapampando. Makina onse ali pa waya umodzi. Ofuna kutumiza amayamba amvetsera kaye. Akamva kuti kuli zii, amatumiza. Zikachitika kuti awiri ayamba nthawi imodzi, onse amazindikira kuti mauthenga awombana, amasiya, aliyense n'kudikira kanthawi kosankhidwa mwachisawawa asanayesenso. Zikawombananso, nthawi yodikira imatalikitsidwa. Palibe makina olamulira anzake, choncho amodzi akafa enawo amapitiriza.

Ku Xerox inkathamanga mamegabiti pafupifupi 3 pa sekondi, ndipo inali ya m'nyumba mwawo basi. DEC ikanatha kupanga waya wakewake, n'kuutsekera ndi ziphaso, kuti aliyense wogula VAX azigulanso zolumikizira za DEC zokha. Mainjiniya oti achite zimenezo inali nawo. M'malo mwake inagwirizana ndi Xerox, mwini luso, ndi Intel, wopanga machipu, ndipo mu September 1980 atatuwa anasindikiza malamulo onse a Ethernet ya mamegabiti 10 kuti aliyense awerenge ndi kupanga zake. Chikalatacho chimatchedwa DIX, potengera zilembo zoyamba za maina awo, ndipo ndicho chinakhala maziko a muyezo wa IEEE 802.3 umene unavomerezedwa mu 1983. Makampani ang'onoang'ono ngati 3Com ya Metcalfe anayamba kupanga makhadi a netiweki, mitengo inatsika, ndipo pamene IBM inkatulutsa netiweki yakeyake yotchedwa Token Ring mu 1985, Ethernet inali itamera kale mizu. Waya wa nthawi imeneyo unali wonenepa, kawirikawiri wachikasu, wotalika mpaka mamita 500, ndipo polumikiza kompyuta ankachita kuuboola ndi kachipangizo ka mano. Waya wopyapyala wa masiku ano ndi mdzukulu wake, koma kapangidwe ka phukusi la uthenga loyenda m'katimo, lokhala ndi adiresi ya wolandira, ya wotumiza ndi nambala yonena mtundu wa katunduyo, n'kamene kanalembedwa mu mtundu wachiwiri wa DIX mu 1982.

Mphatso yachiwiri ya DEC ku netiweki ndi imene ndimaikonda kwambiri, ndipo ndi yochepa kudziwika. Waya umodzi ukadzaza, njira yake ndi kuudula m'zigawo n'kuika pakati kachipangizo kotchedwa bridge, kamene kamaphunzira kuti makina akutiakuti ali mbali iti n'kumawolotsa mauthenga oyenera okha. Switch ya lero ndi bridge ya madoko ambiri. Koma pali msampha. Mukalumikiza ma bridge mozungulira, mwina mwangozi kapena mwadala pofuna njira yapadera yodzagwiritsa ntchito ina ikaduka, uthenga wopita kwa onse umazungulira osaima. Phukusi la Ethernet lilibe chowerengera choti lifafanizidwe likayenda kwambiri. Bridge iliyonse imalichulukitsa, ndipo m'masekondi ochepa netiweki yonse yatsamwa. Aliyense amene anaonapo ofesi yonse ikutaya netiweki chifukwa wina analowetsa mapeto onse awiri a waya umodzi mu switch yotchipa akudziwa zimene ndikunena.

Radia Perlman, injiniya wa DEC, anapatsidwa vutoli ndipo yankho lake linasindikizidwa mu 1985. Ma bridge onse amatumizirana timauthenga tating'ono pafupipafupi. Imene ili ndi nambala yotsika kwambiri imasankhidwa kukhala muzu. Ina iliyonse imawerengera njira yake yaifupi yokafika ku muzuwo, n'kutseka madoko amene angapange mzere wozungulira. Chotsala ndi mtengo wokhala ndi nthambi zofika paliponse koma wopanda njira yobwerera pomwe wachokera. Waya wina ukaduka, timauthenga tija timasiya kufika, ma bridge amawerengeranso, doko limene linali lotseka limatseguka. Zonsezi zimachitika popanda munthu kukhudza kanthu. Njira imeneyi, yotchedwa spanning tree, inalowa mu muyezo wa IEEE 802.1D mu 1990, ndipo mitundu yake yatsopano ikugwirabe ntchito m'ma switch a m'mabanki, m'masukulu ndi m'maofesi kulikonse, kuphatikizapo kwathu kuno.

Tsopano tibwerere ku 1982. IBM inali itatulutsa PC yake mu August 1981, yomangidwa mofulumira ndi zipangizo zogula kwa ena: purosesa ya Intel 8088, pulogalamu ya Microsoft, ndi buku lofotokoza zam'kati mwake limene aliyense ankatha kugula. Kwa mainjiniya a ku Maynard makinawo ankaoneka osalongosoka, ndipo anali otsimikiza kuti angapange abwino kuposa amenewo. Mu May 1982 DEC inalengeza makompyuta a pa desiki a mitundu itatu nthawi imodzi. Professional inali PDP-11 yaing'ono yokhala ndi pulogalamu yakeyake yotchedwa P/OS. DECmate II inali ya banja la PDP-8, yolembera makalata. Rainbow 100 inali ndi mapurosesa awiri, Zilog Z80 ndi Intel 8088, kuti izitha kuyendetsa mapulogalamu akale ndi atsopano omwe a CP/M, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ang'onoang'ono a nthawiyo, kenako MS-DOS ya Microsoft imene inali pa IBM PC. Kunja zinkafanana, sikirini ndi kiyibodi zinali zimodzi, koma pulogalamu ya imodzi sinkayenda pa inzake. Wogula ankasokonezeka, ndipo wogulitsa naye sankadziwa kuti alimbikitse iti.

Rainbow ndi imene inali ndi mwayi wolimbana ndi IBM, ndipo inali makina abwino: sikirini yowala bwino, zilembo 132 pamzere, kiyibodi ija yomwe tonse tinatengera. Koma MS-DOS yokha sinali yokwanira. Mapulogalamu otchuka ambiri ankalankhula mwachindunji ndi zipangizo za IBM PC, makamaka sikirini, choncho aliyense ankafunika kulembedwanso mwapadera kuti ayende pa Rainbow. Makhadi owonjezera a IBM sankalowamo. Ndiye panali nkhani ya disiki. Rainbow inkagwiritsa ntchito chowerengera madisiki chotchedwa RX50, cha makilobaiti 400, cha kalembedwe kosiyana ndi ka IBM, ndipo poyamba makinawo anabwera opanda pulogalamu yokonzera disiki yatsopano kuti ilembedwepo. Munthu ankayenera kugula madisiki okonzeratu, a mtengo wokwera, kuchokera ku DEC. Anthu anakwiya, ndipo mbiri imeneyi inamamatira pa makinawo ngakhale vutolo litakonzedwa.

Kampani imene zaka ziwiri m'mbuyomo inatsegulira dziko lonse waya wake, tsopano inkatsekera kasitomala pa kadisiki. Sindikhulupirira kuti unali umbombo chabe. DEC inazolowera kupanga chilichonse yokha: purosesa, disiki, theminolo, pulinta, pulogalamu, mpaka kutumiza munthu wodzakonza. Makasitomala ake anali asayansi ndi mainjiniya, amene ankalipira bwino chifukwa chodziwa kuti zonse zigwirizana. Ogulitsa ake ankalandira malipiro a pamwezi, osati komishoni, chifukwa Olsen sankafuna kuti munthu akakamizidwe kugula chimene sakufunikira. Pa VAX ya madola mazana a zikwi dongosolo limeneli linali lolemekezeka ndipo linkapindulitsa. Pa kompyuta yogulitsidwa m'sitolo, imene phindu lake ndi lochepa ndipo mphamvu yake ili pa kuchuluka kwa mapulogalamu a anthu ena, linali goli. Pa Ethernet kutsegula kunali kosavuta, chifukwa waya sunali chakudya chawo. Unkangothandiza kugulitsa ma VAX ambiri. Pa desiki kutsegula kukanatanthauza kuvomera kukhala mmodzi mwa ambiri opanga makina ofanana. Chaka chomwecho cha 1982, ku Houston, anthu atatu ochokera ku Texas Instruments anayambitsa kampani imene inavomera zimenezo ndi mtima wonse. Dzina lake linali Compaq.

Pali mawu amene Olsen amakumbukiridwa nawo, amene analankhula mu 1977, akuti palibe chifukwa choti munthu akhale ndi kompyuta m'nyumba mwake. Iye ndi ena omudziwa anafotokoza pambuyo pake kuti ankanena za kompyuta yolamulira nyumba yonse, magetsi, zitseko ndi chakudya chomwe. Ndikuona kuti n'chilungamo kumumvera pamenepo. Munthu amene moyo wake wonse ankafuna kuti kompyuta ichoke kuseri kwa galasi sangakhale mdani wa kompyuta ya munthu payekha. Cholakwa chake chinali china: ankakhulupirira kuti makina opangidwa bwino kwambiri ndiwo adzapambane.

Kulephera kwa 1982 sikunapweteke msanga, ndipo mwina ndicho chinali choopsa. Ma VAX ankagulidwa kwambiri. VAXcluster ya mu 1983 inkalola makina angapo kugwira ntchito ngati amodzi, kotero kuti amodzi akazima ntchito sinkaima. Magazini ya Fortune mu 1986 inatcha Olsen wamalonda wopambana kwambiri m'mbiri ya America. Mu 1987, pa chionetsero cha DECworld ku Boston, kampaniyi inabwereka sitima yapamadzi ya Queen Elizabeth 2 kuti ikhale malo ogona alendo. Pa desiki inayesanso ndi VAXmate ya mu 1986, yogwirizana ndi IBM PC/AT ndipo yokhala ndi Ethernet yomangidwiramo, komanso ndi pulogalamu imene pambuyo pake inatchedwa Pathworks, yolola ma PC kusunga mafayilo pa VAX. Maganizo anali akadali oti PC ndi mlendo wobwera kudzadya pa mbale ya VAX.

Pansi pake nthaka inali ikugumuka. Sun Microsystems ndi ena ankagulitsa makina a Unix okhala ndi mapurosesa a mtundu wa RISC, a malangizo ochepa ndi osavuta, othamanga kuposa VAX pa mtengo wotsika. DEC inali ndi ntchito yakeyake ya RISC yotchedwa PRISM, koma inaithetsa mu 1988, ndipo Dave Cutler anachoka n'kupita ku Microsoft kumene anatsogolera kupanga Windows NT, kholo la Windows ya lero. Mu 1989 inatulutsa DECstation 3100 yokhala ndi purosesa ya RISC ya kampani ina yotchedwa MIPS, makina othamanga ndithu, koma patangopita zaka zochepa inasiya mzere umenewo, ogula n'kutsala m'malere. Chaka chomwecho inalengeza VAX 9000, chimakina chofuna kulanda msika wa IBM, chimene chinadya ndalama zankhaninkhani, chinachedwa, ndipo posakhalitsa chipu chimodzi cha DEC yomweyo, chotchedwa NVAX, chinkachita pafupifupi ntchito yomweyo pa mtengo wochepa kwambiri. Ngakhale pa netiweki, pamene inali katswiri, inaponda molakwika: gawo lachisanu la DECnet linamangidwa pa malamulo olumikizira makompyuta otchedwa OSI amene maboma ankalimbikitsa, pamene dziko linkathamangira ku TCP/IP ya intaneti.

M'chaka cha zachuma cha 1991 kampaniyi inaluza madola 617 miliyoni, ndipo mu 1992 inaluza 2.8 biliyoni. Olsen anatula pansi udindo mu 1992, patatha zaka 35, ndipo Robert Palmer analowa m'malo mwake. Antchito zikwi makumi ambiri anachotsedwa, m'kampani imene kale inkanyadira kuti sichotsa anthu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti luso silinathe. Purosesa ya Alpha, ya mabiti 64, inatuluka mu 1992 ikuthamanga pa mamegahezi 150 kupita m'mwamba, pamene purosesa ya Intel yotchedwa 486 inali pa 66. Pamene Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta yofanana ndi Unix, inayamba kuchoka pa mapurosesa a Intel okha, Alpha inali m'gulu la oyamba kuilandira, DEC itapereka makina kwa Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux. Mu December 1995 ofufuza a DEC ku Palo Alto anatsegula AltaVista, pofuna kuonetsa mphamvu ya maseva a Alpha, ndipo kwa zaka zingapo Google isanakule inali malo amene anthu ambiri ankafufuzira zinthu pa intaneti. StrongARM, imene anapanga mogwirizana ndi ARM ya ku Britain, inaonetsa kuti purosesa yodya magetsi ochepa ingathe kuthamanga, njira imene mafoni a m'manja anadzatsata. Pa desiki napo DEC inagonja n'kuyamba kupanga ma PC wamba ogwirizana ndi ena onse, a maina ngati DECpc, Venturis ndi Celebris, ndi malaputopu a HiNote. Anali makina olimba, koma anafika pamsika umene Compaq, IBM, Dell ndi ena anali atagawana kale.

Palmer anayamba kugulitsa kampaniyo chiwalochiwalo. Mu 1994 pulogalamu yosungira deta ya Rdb inapita ku Oracle, ndipo mbali ya madisiki ndi matepi a DLT inapita ku Quantum. Mu 1997 DEC inasumira Intel kuti inaba luso la Alpha popanga Pentium; mlanduwo unatha mwa mgwirizano, Intel n'kugula fakitale ya machipu ya ku Hudson pa madola pafupifupi 700 miliyoni, StrongARM n'kupita nayo limodzi. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mbali yopanga zipangizo za netiweki, ma hub ndi ma switch a maina ngati DEChub ndi GIGAswitch, inagulitsidwa ku Cabletron Systems. Mu January 1998 Compaq inalengeza kuti ikugula zotsalazo pa madola 9.6 biliyoni, ndalama zochuluka kuposa zimene kampani ya makompyuta iliyonse inagulidwapo kufika nthawi imeneyo. Chimene Compaq inkafuna kwenikweni chinali gulu la anthu okonza ndi kusamalira makina m'maiko ambiri, ndi makasitomala akuluakulu amene DEC inali nawo. Ma PC a dzina la Digital analibe malo m'nyumba ya wopanga ma PC wamkulu padziko lonse, ndipo anasiyidwa msanga.

Compaq nayo sinakhalitse. Mu 2001 inalengeza kuti Alpha isiyidwa m'malo mwa Itanium ya Intel, ndipo mu 2002 inamezedwa ndi Hewlett-Packard, imene inagulitsa maseva a Alpha omaliza mu 2007. AltaVista inadutsa m'manja angapo mpaka Yahoo inaitseka mu 2013. Ken Olsen anamwalira mu February 2011 ali ndi zaka 84. VMS yokha ndiyo inakana kufa. Pansi pa dzina la OpenVMS ikuyendetsabe makina ena a m'mafakitale, a m'zipatala ndi a zachuma, amene eni ake safuna kuti azime ngakhale mphindi imodzi. Kampani yaing'ono ya ku Massachusetts, VMS Software, inatenga udindo woisamalira mu 2014, ndipo mu 2022 inatulutsa mtundu woyenda pa mapurosesa a x86-64, a banja lomwe lija la 8088 imene inali m'kati mwa Rainbow.